Mlenje wa Mumtengo ndi Chikwama Chake Chachikulu

M'mapiri a Allegheny, m'chigawo cha West Virginia ku United States of America, mwezi wa November ndiwo mwezi wa alenje. Masamba amakhala atayoyoka, usiku madzi amaundana m'zithaphwi, ndipo mbaŵala zamphongo zimangoyendayenda usana ndi usiku kufunafuna zazikazi. Masiku ameneŵa munthu wodutsa pa mseu wa m'mphepete mwa nkhalango ya Monongahela m'mbandakucha angathe kuona galimoto litaima, kanyali kakuthwanima, ndi munthu akudzimangirira chikwama kumsana. Chikwamacho chimayambira m'chiuno mpaka kupitirira mutu, koma wina atachitsekula angadabwe kupeza kuti theka lake mulibe kanthu. Nkhani ya lero ndi ya chikwama chimenechi: chifukwa chimene munthu amasenzera thumba lopepuka chotere ulendo wa maola aŵiri mumdima, ndiponso mavuto amene thumbalo limampatsa akafika pa mtengo umene afuna kukwera.

Nyama imene mlenjeyu akusaka eni ake amaitcha white-tailed deer, chifukwa kunsi kwa mchira wake nkoyera, ndipo ikadzidzimuka imatukula mchirawo pothaŵa. Kuno ku Malaŵi kulibe nyama imeneyi, koma omvera amene adaonapo mbaŵala ku Nyika kapena ku Liwonde sangasokere kwenikweni, pakuti nyama ziŵirizi zimafanana msinkhu ndi makhalidwe: zonse zimakonda zitsamba zoŵirira, ndipo zonse nzochenjera kwambiri. Kusiyana kwake kuli pa nyanga. Za mbaŵala ya kuno zimakhala moyo wake wonse, pamene za ku America zili ndi mphanda ngati nthambi, zimagwa chaka ndi chaka nkumeranso zina. M'nkhani ino nyamayi ingotchedwa mbaŵala.

Cha m'ma 1900 mbaŵala zimenezi zidatsala pang'ono kutha. Zidaphedwa mopanda malire ndi anthu ogulitsa nyama ndi zikopa, kotero kuti m'dziko lonselo mudangotsala pafupifupi 500,000. Malamulo okhwima ndiwo adazibwezeretsa. Limodzi mwa malamulowo ndi la m'chaka cha 1937, lotchedwa Pittman-Robertson, limene lidalamula kuti ndalama za msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo zizisamalira nyama zakuthengo. Lero mbaŵalazi zilipo pafupifupi 30 miliyoni, ndipo kusaka ndiyo njira imene boma limachepetsera chiŵerengero chake. Motero mlenje wa m'nkhani ino si wakuba nyama ayi. Ali ndi chiphaso, ali ndi masiku ake oikika, ndipo amauzidwa kuti aphe zingati. Zimenezi zisasokonezedwe ndi za kuno, kumene kusaka m'nkhalango zosungirako nyama ndi mlandu waukulu.

Mbaŵala imakhulupirira mphuno yake kuposa maso. Ikangomva fungo la munthu, ngakhale ali patali, imazemba osaonekanso. Mlenje wa uta ndi mivi sangalase bwino nyama imene yatalikira kuposa mamita 30, choncho ayenera kuiyandikira kwambiri. Nchifukwa chake alenje a kumeneko adazoloŵera kudikirira m'mwamba mwa mtengo, pa msinkhu wa mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, pamene fungo limadutsa pamwamba ndipo maso a nyama safulumira kufikapo. Kwa zaka zambiri ankagwiritsa ntchito nsanja zachitsulo zokhala ndi mpando, zomangirira ku thunthu. Nsanja zotere nzabwino kukhalapo, koma nzolemera, zina kupitirira makilogalamu 10, ndipo zimalira ngwengwengwe zikagunda nthambi.

Njira ina ndiyo imene eni ake amaitcha saddle, ndiye kuti chishalo, ngakhale kuti palibe hatchi kapena njinga. Chishalo chimenechi ndi kansalu kolimba ka malamba, kovala m'chiuno ndi kumatako ngati kabudula wopanda miyendo. Kutsogolo kwake kuli chingwe chochokera ku chiuno chakumanja kufika ku chiuno chakumanzere. Mlenje akafika pamwamba amazengereza chingwe china ku thunthu cha pamphumi pake, nkuchilumikiza ku chingwe cha m'chiuno chija ndi kachitsulo kotsekeka. Mapazi amaponda pa kansanja kakang'ono ngati mbale ya nsima. Kenaka amatsamira chagada, nkulendeŵera moyang'anana ndi mtengo. Omvera amene adaonapo amisiri a magetsi akugwira ntchito pamwamba pa mlongoti adziŵa kale maonekedwe ake. Ubwino wake ngwakuti thunthu limabisa mlenje, iye amatha kulizungulira ndi kulasa mbali iliyonse, ndipo zipangizo zake nzopepuka. Mlenje wina wa ku Michigan, John Eberhart, wakhala akusaka chotere kuyambira cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo buku limene adalemba ndi mwana wake Chris m'chaka cha 2003 lidathandiza kufalitsa njirayi. Koma idatchuka kwenikweni cha m'ma 2018, pamene makampani atsopano monga Tethrd adayamba kupanga zishalo ndi tinsanja topepuka koposa kale.

Kupepuka kumeneku ndiko kudabala vuto la chikwama. Munthu amene kale ankadikirira pafupi ndi mseu chifukwa cha kulemera kwa nsanja, tsopano adaona kuti angathe kuloŵa mkati mwenimweni mwa nkhalango, kumene alenje anzake safikako ndipo mbaŵala zikuluzikulu zimathaŵirako. Nkhalango ya Monongahela, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1920, ndi yaikulu pafupifupi masikweya kilomita 3,700, ndipo mkati mwake muli madera monga Cranberry Wilderness, la mahekitala opitirira 19,000. M'madera otere mumagwira ntchito lamulo la m'chaka cha 1964 lotchedwa Wilderness Act, limene limaletsa galimoto, njinga yamoto, njinga yakapalasa, ngakhale wilibala. Kusaka nkololedwa, koma chilichonse chimene munthu waloŵa nacho kapena afuna kutuluka nacho chiyende pa miyendo, yake kapena ya hatchi. Tsono mbaŵala yamphongo ya makilogalamu 70 ikagwa m'chigwa chimene chili makilomita asanu kuchokera ku mseu, kuikoka chokwera phiri ndi ntchito yoti ingathyole munthu msana kapena kumuimitsa mtima. Kuisiya nako ndi chinthu chimene malamulo a zigawo zambiri amaletsa, ndipo alenje anzake amachiyesa chamanyazi. Walira mvula walira matope. Amene wafuna kusaka kutali ayenera kukhala ndi chotengera nyama, ndipo chotengeracho ndicho chikwama chachikulu chija.

Chikwama chimenechi sichili ngati cha ana asukulu. Chili ndi mbali ziŵiri. Yoyamba ndi felemu, yopangidwa ndi chitsulo chopepuka kapena zinthu zina zolimba, imene imagona kumsana ndipo ili ndi malamba a m'mapewa ndi lamba wochindikala wa m'chiuno. Yachiŵiri ndi thumba lenilenilo, loloŵa malita 50 mpaka 80, limene pa zikwama zambiri limatha kumasulidwa ku felemu. Pakati pa thumba ndi felemu pali mpata umene umatseguka ngati alumali, ndipo mpata umenewu ngwa nyama. Popita, mlenje amapanikizamo kansanja ndi ndodo zokwerera. Ndodozi zimakhala zitatu kapena zinayi, iliyonse ili ndi popondera, ndipo zimamangidwa ku thunthu ndi zingwe, popeza kukhoma misomali kapena kuboola mitengo m'nkhalango za boma nkoletsedwa m'madera ambiri. M'thumba muja mumakhala zovala zochindikala, madzi, kamba, mipeni, matumba ansalu oikamo nyama ndi mankhwala a pangozi.

Kasenzedwe kake kali ndi nzeru yake. Anthu a kuno adazoloŵera kusenza pamutu, ndipo pa njira yosalala palibe chopambana nkhata. Koma m'phiri la miyala yoterera ndi nthambi zotsika, katundu ayenera kukhala kumsana kuti manja akhale omasuka, monga momwe amadziŵira anyamata onyamulira alendo katundu pa phiri la Mulanje. Chinsinsi cha chikwama cha felemu nchakuti kulemera kwambiri kumatsikira pa mafupa a m'chiuno, osati pa mapewa. Lamba wa m'chiuno ndiye amayamba kumangidwa, ndipo amamangidwa zolimba. Malamba a m'mapewa ntchito yake nkungoletsa katundu kugwera kumbuyo. Zinthu zolemera zimaikidwa pafupi ndi msana, cha pakati, ndipo zopepuka pansi ndi kunja.

Apa mpamene pamayambira mkangano woyamba. Chiuno cha munthu nchimodzi, koma chikufunidwa ndi zinthu ziŵiri: lamba wa chikwama ndi chishalo. Alenje osaka pafupi amavaliratu chishalo ali ku galimoto, nkuyenda nacho. Koma munthu akamanga lamba wa chikwama pamwamba pa chishalo, zomangira ndi timatumba ta m'mbali zimakanikizika pa fupa, ndipo akayenda ola limodzi khungu limanyuka. Ena amamasula malamba a m'miyendo ndi kutsitsira chishalo pansi pang'ono kuti lamba wa chikwama apeze malo. Pa ulendo waufupi zimenezi zimatheka. Pa ulendo wautali chanzeru nkuvula chishalocho ndi kuchiika pamwamba penipeni m'thumba, kuti pofika chikhale choyamba kutuluka. Kuchivala mumdima patsinde pa mtengo kumadya mphindi ziŵiri kapena zitatu zokha, ndipo mphindi zimenezo sizingafanane ndi chilonda cha m'chiuno chimene chidzamveka madzulo posenza nyama.

Vuto lina ndi thukuta. Munthu wokwera phiri ndi makilogalamu 15 kumsana amatentha ngakhale kunja kuli chisanu choumitsa madzi. Akavala zovala zake zonse pochoka, amafika atanyowa, ndipo akangokhala phee mumtengo thukuta lija limazizira mpaka kunjenjemera kosati nkukoka uta. Kuonjezera apo, thukuta ndi fungo. Choncho mlenje wodziŵa amanyamuka atavala zopyapyala, akumva kuzizira, jekete ndi buluku lochindikala zili m'thumba, ndipo akayandikira malo ake amachepetsa liŵiro kuti thupi liphwe. Ichi ndi chifukwa chachiŵiri chimene thumba liyenera kukhala lalikulu. Phokoso nalo salilekerera. M'mapiri ameneŵa muli zitsamba zoŵirira zotchedwa rhododendron, zimene zimakola chilichonse chotulukira m'mbali, motero ndodo zokwerera amaziimika chotsata msana, zitsulo amazikulunga ndi nsalu yomata kuti zisagundane, ndipo malamba olendeŵera amaŵapinda.

Tsopano wafika. Wasankha mtengo pafupi ndi mkwaso wa mbaŵala, mwina pamene pagwa zipatso za mitengo ya oak imene nyamazi zimakonda, ndipo waonetsetsa kuti mphepo ikuchokera kumene nyama zidzadzere kubwera kwa iye. Kudakali mdima. Funso limene alenje amatsutsana kwambiri ndi ili: kodi chikwama chija achitani nacho?

Chinthu chimodzi chokha ndicho sichifuna mtsutso, ndicho chakuti asakwere nacho kumsana. M'zigawo zambiri za dzikolo alenje ovulala chifukwa chogwa mumtengo amachuluka kuposa ovulala ndi mfuti, ndipo ambiri amagwa pokwera, potsika, kapena pochoka pa chokwerera kupita pa nsanja. Mlenje wa chishalo pokwera amazengereza chingwe ku thunthu, nsonga zake zili zomangika m'chiuno mwake, nkumachikweza pang'onopang'ono iye atatsamira kumbuyo kuti manja onse aŵiri amange ndodo yotsatira. Chikwama cholemera chimamkokera chagada, chimakola nthambi, ndipo felemu imamletsa kutukula mutu kuti aone kumene akupita. Phazi likaterereka, katundu uja amamtembenuza mutu pansi. Kachikwama ka makilogalamu aŵiri munthu angathe kukwera nako, koma chikwama cha nyama ayi.

Njira yoyamba, tsono, nkuchikokera m'mwamba ndi chingwe. Asanakwere amamanga chingwe chopyapyala cha mamita 9 kapena 10 ku chikwama, china ku uta, nsonga zake nkuzikoloŵeka m'chiuno. Uta ndi mivi amaziika pambali, osati pansi penipeni pamene angagwere. Akakhazikika pamwamba ndi kulumikiza chingwe chake chachikulu, ndipo pokhapo, amayamba kukoka. Katundu wolemera akamakwera amazungulira ndi kukhula khungwa, choncho amamkoka pang'onopang'ono atatambasula mkono kuti atalikire thunthu. Pamwambapo amamanga lamba wa ngoŵe mozungulira mtengo nkupachikapo chikwamacho. Pochipachika napo mpofunika kuganiza. Munthu wokoka uta ndi dzanja lamanja amalasa mosavuta cha kumanzere kwake, motero uta umapachikidwa kumanzere, chikwama kumanja kapena kuseri kwa thunthu. Chikhale pamsinkhu woti dzanja lifikepo popanda kuŵerama, chitseko chake chikuyang'ana mlenje, ndipo chimangidwe ndi lamba wachiŵiri cha kumunsi kuti mphepo isamachigwedeze. Ena amachipachika kutsogolo cha m'maondo kuti chikhale chotsamira, pakuti maondo a mlenje wa chishalo amakhala akukanikiza khungwa tsiku lonse. Ndi thumba lofeŵa nzeru imeneyi imagwira, koma ndi felemu yolimba siitheka.

Ubwino wa njirayi ngwoonekeratu: zonse zili pafupi, ndipo fungo lonse lili m'mwamba. Koma mtengo wake ngwaukulu. Chimene mlenje adagulira chishalo nchakuti azitha kuzungulira thunthu, tsono chikwama chachikulu chimatseka mbali imodzi yathunthu. Mbaŵala ikadzera kumene sanali kuyembekezera, ndipo kaŵirikaŵiri imatero, iye amapezeka akulimbana ndi thumba lake lomwe, chingwe cha uta chikukhudza lamba, nyama nkumapita. Komanso mu November mitengo ilibe masamba. Munthu wowonda wobisala kuseri kwa thunthu saoneka, koma chimtolo chakuda cholendeŵera m'mbali chimaonekera patali, ndipo mbaŵala zokhala kumene zimasakidwa chaka ndi chaka zidaphunzira kuyang'ana m'mwamba.

Njira yachiŵiri nkuchisiya patsinde. Imeneyi njosavuta, ndipo ndiyo imene munthu wotopa amathamangira, koma mwa zonse ndiyo yoipa. Lamba ndi nsalu ya kumsana zamwa thukuta la maola aŵiri, ndipo tsopano zagona pansi, pamsinkhu wa mphuno ya mbaŵala, pamalo enieni amene mlenje afuna kuti nyamayo ifike mosaopa. Kukwera mtengo kuja kwangopita pachabe.

Njira yachitatu nkuchibisa patali. Akatsala mamita 100 kapena kuposerapo kuti afike, mlenje amaima, nkutulutsa chishalo, zovala, ndodo ndi kansanja. Chikwama amachikankhira pansi pa chipika kapena m'zitsamba, nkuchifunditsa masamba. Malo ake akhale kumene mphepo ikupita, kutali ndi mkwaso. M'mapiri mphepo ili ndi khalidwe lake loyenera kulidziŵa: dzuŵa likatentha mpweya umakwera phiri, ndipo madzulo kukazizira umatsikira m'chigwa, kotero malo amene anali abwino m'maŵa angathe kutumiza fungo ku nyama dzuŵa likapendeka. Ayeneranso kuika chizindikiro, pakuti zipika zonse zimafanana usiku, ndipo si mlenje mmodzi yekha amene adataya ola lathunthu akufunafuna katundu wake, nyama ili gone kudikira mpeni. Chakudya asasiyemo. M'nkhalango imeneyi muli zimbalangondo zakuda zambiri, ndipo chimbalangondo chikanunkhiza buledi chimang'amba thumba, mwinanso kulikokera kutali.

Poyerekeza njira zitatuzi, yopambana ndi imene imaphatikiza yoyamba ndi yachitatu, ndipo imatheka chifukwa cha kapangidwe ka chikwama kaja. Felemu ndi thumba lalikulu, pamodzi ndi matumba a nyama ndi zosendera, zilibe ntchito kufikira nyama itagwa, choncho zimabisidwa patali. Zofunika mumtengo, monga madzi, kamba, magolovesi ndi jekete, zimaloŵa m'kathumba kakang'ono, kaŵirikaŵiri chivundikiro cha chikwama chomwecho chimene chimamasuka, ndipo kameneka ndiko kamakwera. Kuti zimenezi zitheke mosavuta, kulongedza kuyenera kuchitika kunyumba dzulo lake, motsata dongosolo la katulutsidwe: choyamba kufunika chikhale pamwamba, chotsiriza pansi. Munthu amene amakhuthula thumba lonse pamasamba ouma mumdima, zipi ikulira, tochi ili kukamwa, wauza kale nkhalango yonse kuti wafika.

Komabe pali zinthu zina zosayenera kukhala m'chikwama chilichonse, chachikulu kapena chaching'ono. Mpeni, tochi ya pamutu, wenzulo, lamba woletsa magazi ndi chipangizo choitanira chithandizo ziyenera kukhala m'matumba a zovala zimene wavala. Munthu wothyoka mwendo patsinde pa mtengo sangakwere kukatenga thumba lili mamita asanu m'mwamba, ndipo kukwaŵa mamita 100 m'miyala kungamtengere nthaŵi imene alibe. Nsonga ya muvi wosakira njakuthwa ngati lumo, ndipo ikadula mtsempha wa pantchafu munthu amatha m'mphindi zoŵerengeka. Kudera limeneli telefoni ya m'manja siyodalirika. Mapiri amatchinga, ndiponso pali chifukwa china chimene okonda wailesi angachite nacho chidwi: mbali yaikulu ya nkhalangoyi ili m'dera limene boma lidapatula m'chaka cha 1958 kuti mafunde a wailesi azichepetsedwa, pofuna kuteteza makina omvetsera zakuthambo a ku Green Bank. Motero nsanja za matelefoni nzoŵerengeka. Alenje ambiri amanyamula kachipangizo kotumiza uthenga kudzera pa setilaiti, ndipo wanzeru amasiya mau kunyumba onena chigwa chimene waloŵera ndi nthaŵi imene ayembekezeke.

Za kudikirira kwenikweniko nzochepa kunena. Lamulo limalola kulasa kuyambira theka la ola dzuŵa lisanatuluke mpaka theka la ola litaloŵa, ndipo pakati pa nthaŵi ziŵirizi munthu amangokhala, kusinthanitsa miyendo, kumvetsera agologolo akutswatswaza masamba. Masiku ambiri palibe chimene chimachitika. Amatsika, kumasula ndodo imodziimodzi, kufukula chikwama chake, nkubwerera nacho chopepuka monga momwe chidabwerera. Alenje ena akatero kasanu kapena kakhumi amatopa, nkuyamba kusiya felemu ku galimoto, akumati tsiku lamwayi adzabwerera kukaitenga. Maganizo ameneŵa ali ndi nzeru yake pamene mtunda uli waufupi ndipo kunja kukuzizira. Koma pa makilomita asanu ndiye kuti aonjezera makilomita 10 a ulendo wopanda nyama, maola anayi kapena asanu amene mtembo wagona osasendedwa. Mnofu umasungika bwino ukazizira kufika pa madigiri 4 kapena kutsikirapo. Chikopa chimasunga kutentha ngati bulangete, ndipo kuwola kumayambira mkati, pafupi ndi mafupa akuluakulu a ntchafu. M'masiku oyamba a nyengo ya uta, kumapeto kwa September ndi mu October, masana kumafunda ndithu, ndipo maola amenewo ngokwanira kuwononga nyama.

Tsiku limene muvi walasa, mlenje sathamanga. Amakhala mumtengo theka la ola kapena kuposa kuti nyama yovulalayo igone nkufa pafupi, pakuti ikapirikitsidwa imathaŵira kutali. Akatsika amayamba wakatenga chikwama, kenaka nkutsata magazi. Akaipeza amachita zimene chiphaso chake chimafuna, ndipo popeza malamulo a kadulidwe ka nyama kuthengo amasiyana chigawo ndi chigawo, amakhala ataŵerengeratu a kwaoko. Kumene nkololedwa, ambiri satumbula nkomwe. Amagoneka nyama chammbali, kusenda chikopa kuchokera pamsana, kuchotsa mwendo wamwamba ndi ntchafu, kulenga mnofu wautali wa m'mbali mwa msana ndi wa m'khosi, kenaka nkuitembenuza kuti achite chimodzimodzi mbali inayo. Chiŵalo chilichonse chimaloŵa m'thumba lansalu, osati lapulasitiki, kuti mpweya uzipita ndi ntchentche zisatere, ndipo matumbawo amapachikidwa pa nthambi kuti azizire ntchito ikupitirira.

Kusiya mafupa a msana kuthengo kuli ndi chifukwa chinanso. Pali nthenda yowondetsa mbaŵala, yogwira ubongo, yotchedwa chronic wasting disease, imene idaoneka koyamba ku Colorado m'chaka cha 1967, ndipo idapezeka ku West Virginia, m'dera la Hampshire, m'chaka cha 2005. Choyambitsa chake chimachuluka mu ubongo ndi m'fupa la msana, motero zigawo zambiri zimaletsa kunyamula mtembo wathunthu kuchokera kumadera kumene kuli nthendayi. Mnofu wopanda mafupa umaloledwa kuyenda. Chikwama cha felemu, chimene kale chinali cha alenje a nyama zikuluzikulu kumapiri a kuzambwe kwa dzikolo, chafala kuvuma pa chifukwa chimenechinso.

Mbaŵala ya makilogalamu 70 imapereka mnofu wa makilogalamu pakati pa 20 ndi 30. Kuonjezerapo zipangizo zokwerera, uta, zovala ndi chikwama chenichenicho, katundu yense amafika makilogalamu 40 kapena kupitirira, pafupifupi thumba la chimanga, ndipo njira yake ndi ya miyala, yokwera ndi yotsika, usiku. Nyama imaloŵa mu mpata uja wa pakati pa felemu ndi thumba, nkukwezedwa kufika pakati pa mapewa, chifukwa ikatsikira kumatako imakoka munthu chagada. Malamba a m'mbali amakokedwa mpaka mtolo utaleka kugwedera. Kansanja ndi ndodo, zimene m'maŵa zinali pafupi ndi msana, tsopano zimamangidwa kunja. Nyanga amazizondotsa, ndipo amazikulunga ndi nsalu yoŵala ya mtundu wa lalanje, kuwopa kuti mlenje wina angaone nyanga zikuyenda m'zitsamba nkuwombera. Kuti adzuke nacho, amakhala pansi, kuloŵetsa manja m'malamba, kugubudukira pa maondo, nkuimirira atagwira mtengo.

Apa mlenje aliyense amadziyesa yekha. Wamphamvu, pa njira yabwino, amatenga zonse ulendo umodzi. Wina amagaŵa paŵiri, ndipo pogaŵapo nyama ndiyo imatsogola. Ndodo, kansanja ndi chishalo siziwola, choncho amazibisa pansi pa chipika chomwe chija chimene chidasunga felemu usana wonse. Mnofu wotsala, ngati ulipo, amaupachika m'mwamba pa nthambi yotalikira thunthu, kutali ndi mtembo umene zimbalangondo ndi ankhandwe adzayambe kuufikira. Akatero amamanga lamba wa m'chiuno, chiuno chimene tsopano chilibe chishalo, amayatsa tochi ya pamutu, nkuyamba kukwera kuchoka m'chigwa, akupumula pa mwala uliwonse wotalika bwino woti nkutsamiritsapo katundu popanda kumuvula. Ku galimoto amakafika pakati pa usiku. Nyama imaloŵa m'bokosi la madzi oundana, ndipo m'maŵa mwake, miyendo ili yoŵaŵa, amabwereranso ndi chikwama chopanda kanthu kukatenga zitsulo zake.